Ulendo wautali kuchokera ku Mzuzu pa galimoto ya magetsi kapena ya hybrid: malangizo kwa ofuna kugula ndi ofuna kunyamuka

Chiyambireni vuto la kusowa kwa mafuta, limene linachititsa anthu kugona pa mizere m'malo omwetsera mafuta mu Mzuzu muno, anthu ofuna kuitanitsa galimoto ku Japan akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi galimoto ya magetsi kapena ya hybrid ingandifikitse ku Karonga, ku Chitipa, ku Nyika kapena ku Lilongwe n'kundibweretsanso? Ndaona kuti ndi bwino kulemba yankho kamodzi, kuti wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Maganizo anga ndi awa. Hybrid wamba imayenda bwino ulendo uliwonse wa pa tala m'chigawo chino, ndipo pa nthawi ya kusowa kwa mafuta imaposa magalimoto ena kutali. Galimoto yoyendera magetsi okhaokha ndi yabwino kwambiri m'tauni ndi pa maulendo apafupi, koma ulendo ukapitirira makilomita 150, chimene chimalamula si mtunda ayi, ndi maola amene mudzakhale mukudikira pa soketi ya mwini wake. Ogulitsa magalimoto salankhula za maola amenewo, n'chifukwa chake ndakhalitsa pa mfundo yachinayi ndi yachisanu.

1. Dziwani mtundu wa galimoto imene mukukamba

Anthu ambiri amasokoneza mitundu itatu yosiyana. Woyamba ndi hybrid wamba, monga Toyota Aqua, Prius, Fielder ndi Honda Fit Hybrid. Imeneyi simuitchaja pa khoma. Imamwa petulo, ndipo batire lake, lomwe limasunga pafupifupi yuniti imodzi yokha ya magetsi, limadzazidwa ndi injini komanso ndi mphamvu imene imabwerera mukamatsika mtsetse kapena kuponda mabuleki. Nissan Note e-Power ili m'gulu lomweli, kungoti injini yake siyendetsa matayala. Imangopanga magetsi oyendetsera mota. Wachiwiri ndi hybrid yotchaja pa khoma, monga Mitsubishi Outlander PHEV, imene imayenda makilomita makumi ochepa ndi magetsi okha kenako n'kuyamba kumwa petulo. Wachitatu ndi wa magetsi okhaokha, monga Nissan Leaf, yomwe ilibe injini kapena thanki, ndipo batire likatha basi yaima.

Mawu akuti yuniti mukuwadziwa kale. Ndi yuniti yomwe ija mumagula ku ESCOM n'kulowetsa mu mita. Mukaona pa pepala la galimoto palembedwa 40 kWh, ndiye kuti batire lake lili latsopano linkasunga mayunitsi 40.

2. Yang'anani msewu musanayang'ane galimoto

Magalimoto ambiri a mitundu imeneyi anapangidwira misewu ya ku Japan, choncho ndi otsika. Mpata wa pakati pa kunsi kwa Aqua ndi nthaka ndi masentimita 14 okha, wa Leaf ndi 15 kapena 16, pamene wa Outlander PHEV ndi 19, ndipo mpatawo umachepa mukakweza anthu anayi ndi matumba awiri a mpunga wa Kilombero. Pa M1 yopita ku Karonga kapena ku Lilongwe, pa M5 yopita ku Nkhata Bay, ndi pa msewu wa tala wa Karonga kupita ku Chitipa, kutsika kumeneku si vuto ngati mukuzemba maenje mosamala. Koma msewu wochoka ku Rumphi kudzera pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda pa Nyika, msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, ndi misewu ya m'midzi ya ku Mzimba nthawi ya dzinja, ndi nkhani ina. Pa Leaf, batire lili kunsi kwenikweni kwa galimoto, ndipo mwala umene pa galimoto wamba ukanangophwanya paipi ya utsi, apa ukhoza kuboola chinthu chodula kuposa zina zonse. Ngati maulendo anu ambiri ndi a misewu yotere, pa mitundu yonse ndatchulayi ndi Outlander yokha imene ndingakulimbikitseni, chifukwa ndi yokwera ndiponso imakoka ndi matayala onse anayi.

3. Yezetsani batire

Nambala ya makilomita imene imalembedwa pa zotsatsa malonda ndi ya galimoto yatsopano, yoyesedwa pa liwiro lochepa. Galimoto imene ikubwera kwa inu yagwira kale ntchito zaka zingapo. Pa dashibodi ya Leaf pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi timizere tosonyeza kuchuluka kwa tchaji. Kamzere koyamba kamazima batire likataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu yake, choncho galimoto ya timizere 12 ikhoza kukhala itatsala pang'ono kutaya kamodzi. Pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha zimene pulogalamu ya pa foni yoyezera batire, yotchedwa LeafSpy, ikuwerenga, chifukwa imapereka peresenti yeniyeni. Kwa Toyota hybrid, makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto akhoza kuona ngati zigawo za batire zikusiyana mphamvu, chomwe ndi chizindikiro choyamba cha batire lotopa.

Pali chinanso chimene oitanitsa amaiwala. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amatsikira ku Dar es Salaam, ndipo kuchokera kumeneko kudzafika pa chipata cha Songwe ndi makilomita opitirira 900. Dalaivala akhoza kuyendetsa hybrid mtunda wonsewo, koma Leaf iyenera kunyamulidwa pa thiraki. Ikani mtengo wa thirakiyo mu bajeti, ndipo mufunse ku MRA za msonkho musanalipire kalikonse ku Japan.

4. Werengerani mayunitsi a ulendo wanu

Mfundo iyi ndi ya galimoto ya magetsi okhaokha, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha chifukwa amakhulupirira nambala ya makilomita otsala imene imaoneka pa dashibodi. Nambala imeneyo imangotengera mmene mwayendera makilomita apitawa. Mukatsika chitunda cha Chiweta imakwera n'kukulonjezani mtunda wautali, koma siidziwa kuti pobwerera mudzakwera chitunda chomwecho. Tengani cholembera ndi pepala.

Yambani ndi mayunitsi amene muli nawodi. Leaf ya 40 kWh, imene inayamba kugulitsidwa mu 2017, imalola kugwiritsa ntchito pafupifupi mayunitsi 37 ili yatsopano. Ngati thanzi la batire ndi 85 peresenti, mwatsala ndi 31. Pa 31 amenewa chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiwo mayunitsi 6, amene simuyenera kuwakhudza, chifukwa ndi a msewu wokhota pamene akukonza mlatho, a mphepo ya mwera yowomba kutsogolo, ndi a soketi imene mudzapeze kuti siikugwira. Mayunitsi oyendera ndi 25.

Kenako werengerani kuti yuniti imodzi ikuyendetsani makilomita angati. Pa tala, muli anthu anayi ndi katundu, mukuyenda pa liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola, gwiritsani ntchito makilomita 6 pa yuniti. Pa msewu wafumbi, wa matope kapena mukamathamanga kupitirira 100, gwiritsani ntchito 5. Chotenthetsa m'galimoto chimadyanso mayunitsi, chifukwa palibe injini yotentha yoti chitengeko moto, ndipo mu June ndi July pa Chikangawa, pamene chifunga chimakuta galasi, mudzachifuna ndithu.

Pomaliza onjezani zitunda, pakuti chigawo chakumpoto si chigwa. Galimoto yodzaza, yolemera pafupifupi makilogalamu 1,800, imafuna mayunitsi 5 owonjezera pa mamita 1,000 aliwonse amene yakwera, ndipo potsika mamita omwewo imabweza pafupifupi 3 okha. Mzuzu ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, kutanthauza kuti ulendo uliwonse wochoka kunyanja kubwera kuno umakudyerani mayunitsi 4 a chitunda chokha.

Tiyeni tiyese pa maulendo enieni. Ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50. Popita mukufuna mayunitsi 8, kuchotsapo 2 obwerera pa mtsetse, atsala 6. Pobwera mukufuna 8 ndi 4 a chitunda, ndiwo 12. Onse pamodzi ndi 18, osafika 25 aja, choncho mukhoza kupita n'kubwera tsiku lomwelo osatchaja paliponse. Ku Rumphi boma, makilomita osafika 70, ndi chimodzimodzi, ngakhale kuti mudzafika kunyumba mutatsala pang'ono kukhudza a padera aja.

Ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 220. Kugawa ndi 6 kukupatsani mayunitsi 37, kuchotsapo 2 a mtsetse, atsala 35. Mukuperewera mayunitsi 10, ndipo muyenera kuwapeza panjira, mwina pa Chitimba kapena pa Chilumba. Pobwerera mukufuna 41, ndiye kuti mukuperewera 16, ndipo muyenera kudzaza batire lonse musanayambe kukwera Chiweta, chifukwa kuyambira pamenepo mpaka ku Mzuzu ndi pamene pali ntchito yaikulu. Ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 360, mukufuna mayunitsi osachepera 60, ndipo popeza simungapitirire makilomita 150 osatchaja, muyenera kuima kawiri, mwina cha ku Jenda ndi ku Kasungu. Za ku Nyika masamu ake ndi achidule: kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 110, ambiri mwa iwo a fumbi, ndipo mukukwera mamita oposa 1,000, choncho mukufuna mayunitsi pafupifupi 29 ngakhale mutanyamuka pa Rumphi ndi batire lodzaza. Ulendo umenewo usiyeni.

Leaf yakale ya 24 kWh, imene imakopa anthu chifukwa cha kutchipa, nthawi zambiri imakhala itatsala ndi mayunitsi oyendera 12 kapena kuchepera, omwe ndi makilomita 70. Imeneyo ndi yopitira kuntchito kuchokera ku Luwinga kapena ku Katoto, ndi yokaonera abale ku Ekwendeni. Magalimoto atsopano a mabatire a 60 kWh kapena kuposa amafika ku Karonga osaima, koma kumbukirani kuti mayunitsi onse amene atuluka ayenera kubwereranso kudzera pa soketi, ndipo apa ndi pamene tikulowa mfundo yotsatira.

5. Pezani soketi, muiyese, ndipo muwerengere maola

Malo otchajira mofulumira ndi osowa kwambiri m'Malawi muno. Konzani ulendo ngati kulibiretu, pokhapokha mutalankhula ndi mwini malowo tsiku lomwelo ndipo watsimikiza kuti makina akugwira komanso kuti pakamwa pake ndi pogwirizana ndi galimoto yanu. Leaf ya ku Japan imalandira pulagi yotchedwa CHAdeMO potchaja mofulumira ndi Type 1 potchaja pang'onopang'ono, magalimoto a ku Ulaya ndi ku South Africa amalandira CCS2 ndi Type 2, ndipo ambiri ochokera ku China amalandira GB/T. Mapulagi amenewa salowerana.

Chotsala ndi soketi wamba ya pakhoma. Magetsi athu ndi a mavolti 230, ndipo potchaja galimoto musapitirire ma amp 10. Pamenepo mita imadya mayunitsi 2.3 pa ola, koma olowadi mu batire ndi pafupifupi 2, chifukwa ena amatayika ngati kutentha. Gawani mayunitsi operewera aja ndi 2 kuti mupeze maola. Popita ku Karonga mudzakhala maola 5 panjira, mukafika mudzafuna maola 12 kapena 13 kuti batire lidzaze, ndipo pobwerera mudzakhalanso maola 8. Ulendo wa ku Lilongwe ukufuna maola 18 a pa soketi, kotero kuti mtunda umene hybrid imaumaliza pa maola asanu kapena asanu ndi limodzi umasanduka wa masiku awiri. Batire la 60 kWh likatsika mpaka pansi limafuna nthawi yoposa tsiku lathunthu ndi usiku wake. Ngati muli ndi nthawi ndipo mumakonda kugona kunyanja, zimenezi si zoopsa, koma munthu wothamangira maliro ku Chitipa sangazikwanitse.

Maola amenewa ndi a magetsi osazima. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ife tili kumapeto kwa mawaya ataliatali. Siteshoni ya Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono, ya mamegawati 4.5 okha. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Choncho pa maola 10 aliwonse amene mwakonza kutchaja, werengerani 8 okha, ndipo muimbire mwini malowo kumufunsa kuti magetsi akhala akuzima nthawi yanji sabata imeneyo.

Chingwe chimene chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan chinapangidwira mavolti 200 ndipo chimakoka ma amp 15, pamene pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya ma amp 13. Cholakwika chofala ndi kudula pulagi ya ku Japan n'kumangirira yathu. Musatero. Gulani chingwe chopangidwira mavolti 230 chimene chili ndi batani losinthira ma amp, kuti muzitha kutsitsa mpaka 8 kapena 6 pamene mawaya a nyumba akukayikitsa.

Mukafika pa malo ogona, musangolowetsa pulagi pa soketi yoyamba imene mwaiona. Ketulo imakoka magetsi ofanana ndi galimoto, koma imazima pakatha mphindi zitatu, pamene galimoto ili ngati ketulo imene ikuwira usiku wonse osapuma. Yang'anani soketiyo pafupi. Ngati m'mbali mwa timabowo muli mofiirira kapena mwakuda, ngati pulasitiki yang'aluka, kapena pulagi ikugwedezeka mukailowetsa, funani ina. Soketi ya kukhitchini kapena yochapira nthawi zambiri imakhala ndi waya wokhuthala kuposa ya kuseri kwa bedi, imene mwina inalumikizidwa kuchokera ku waya wa getsi. Ngati chingwe chanu chikuthwanima nyali yofiira n'kukana kuyamba, kawirikawiri ndiye kuti nyumbayo ilibe waya wa earth wolowa m'nthaka, ndipo musalole wina aliyense kuti alumphitse chitetezo chimenecho. Kutchaja kukayamba, dikirani theka la ola, kenako gwirani pulagi ndi dzanja. Ikakhala yofunda pang'ono palibe vuto, koma ngati simungathe kuigwira nthawi yaitali kapena mukumva fungo la pulasitiki, zimitsani pomwepo. Ngati simungachitire mwina koma kugwiritsa ntchito ekisitenshoni, ikhale ya waya wa 2.5 mm, yoitambasula yonse osati yokulunga, yosagawana ndi chipangizo china, ndipo polumikizira pasakhale pansi pamene mame kapena mvula ingafike. Timaekisitenshoni ta mabowo ambiri togula pamsika timasungunuka. Kukayamba ziphaliwali, zulani chingwe.

Pa nkhani ya malipiro, gwirizanani musanayambe. Njira yosakanganitsa ndi kuwerenga mita ndi mwini nyumba musanalowetse pulagi, kuwerenganso m'mawa, ndipo inu n'kumugulira mayunitsi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kuwonjezerapo kangachepe kothokoza. Onetsetsaninso kuti mu mita muli mayunitsi okwanira usiku wonse, chifukwa akatha pakati pa usiku mudzadzuka batire lili theka ndipo nyumba ya eni ake ili mumdima, nyama ya mu firiji itasungunuka. Malo ogona amene amadalira sola, monga ambiri a m'malo osungira nyama zakutchire, musawavutitse n'komwe, chifukwa mayunitsi 20 a galimoto yanu akhoza kuposa onse amene mabatire awo amasunga. Jenereta yaing'ono nayonso si yodalirika, popeza zingwe zambiri zotchajira zimaikana.

6. Ngati ndi hybrid, samalani mafuta ndi mpweya wa batire

Apa masamu ndi osavuta. Thanki ya Aqua imalowa malita 36, ndipo pa ulendo wautali yembekezerani makilomita 20 mpaka 25 pa lita, osati 35 amene amalembedwa pa zotsatsa. Thanki imodzi ikukwanirani kupita ku Chitipa kudzera ku Karonga n'kubwerera, omwe ndi makilomita pafupifupi 640. Dziwani kuti hybrid imapulumutsa mafuta kwambiri m'tauni kusiyana ndi pa msewu waukulu, chifukwa pa liwiro lalikulu injini siizima. Outlander PHEV nayo, batire likatha, imamwa ngati galimoto ina iliyonse ya msinkhu wake.

Musalole hybrid kutheratu mafuta. Galimotoyo imayesa kupitiriza ndi batire lalikulu, ndipo batirelo ndi limene limalizanso injini. Likaphwa, ngakhale mutathira petulo injini siilira, ndipo tchaja ya mabatire wamba ya pa garaja singalidzutse. Thirani mafuta thanki ikafika theka, makamaka pa Rumphi ngati mukulowera ku Nyika kapena ku Vwaza, chifukwa kupitirira pamenepo simungadalire kupeza pampu. Mafuta a m'zigubu ogula m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo MERA imaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo pa nthawi ya kusowa, choncho ngati mukufuna kunyamula a padera, yambani mwatenga chilolezocho.

Chimene chimapha mabatire a hybrid kuno kwathu ndi fumbi ndi kutentha. Batire limaziziritsidwa ndi fani imene imakoka mpweya wa m'galimoto kudzera pa kazenera ka timabowo kamene kali pafupi ndi mpando wakumbuyo, pa Aqua cha kunsi kwake, pa Prius cha m'mbali mwake. Makaniko akatsegula fani ya galimoto imene yayenda misewu yathu chaka chimodzi, amapeza timapiko take titamatidwa ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi tsitsi ndi ulusi wa nsalu. Tsukitsani faniyo musananyamuke ulendo wautali. Pokweza anthu ndi katundu, onetsetsani kuti chikwama, jumbo ya usipa kapena chitenje cha amayi amene akhala kumbuyo sichinatseke kazenerako. M'miyezi ya October ndi November ku Karonga, tsekani mawindo n'kuyatsa choziziritsa mpweya, chifukwa mpweya wozizira umene mukupuma inuyo ndi womwewo umene ukuziziritsa batire. Leaf ilibe n'komwe fani ya batire, choncho pa kutentha kwa kunyanja iimikeni pamthunzi ndipo muzitchaja usiku.

7. Yendetsani mosiyana pa mitsetse ndi pa zitunda

Potsika mtsetse wautali monga wa Chiweta kapena wa ku Nkhata Bay, mota imagwira galimoto uku ikubweza magetsi mu batire. Batire likadzaza, kugwira kumeneku kumatha, ndipo kulemera konse kumatsalira mabuleki, amene amatentha n'kuyamba kuterera. Batire la hybrid ndi laling'ono, limadzaza musanafike pakati pa mtsetse. Ikani giya pa B musanayambe kutsika, ndipo musadabwe injini ya Toyota ikayamba kulira mokweza popanda kuponda mafuta, chifukwa pamenepo ikuthandiza kugwira galimoto. Musaike pa N. Kwa wa magetsi okhaokha, ngati mwagona pamwamba monga ku Livingstonia ndipo m'mawa mukuyamba ndi mtsetse, lekezani kutchaja pa 85 kapena 90 peresenti kuti batire likhale ndi malo olandirira.

Pokwera, Outlander PHEV ili ndi mabatani a SAVE ndi CHARGE; dinani limodzi mwa iwo mukadali m'chigwa kuti mufike pa chitunda batire lili ndi mphamvu. Honda Fit Hybrid ya kuyambira 2013 ili ndi giyabokosi imene imatentha mukamakwawa pang'onopang'ono pa chitunda, zomwe zimachitika mukakhala kumbuyo kwa thiraki ya malasha pa Chiweta kapena ya matabwa pa Chikangawa. Siyani mpata pakati pa inu ndi thirakiyo kuti muziyenda osaimaima, musagwire galimoto pa chitunda ndi phazi la mafuta, ndipo chenjezo likaoneka pa dashibodi, patukani pamalo otetezeka mudikire izizire.

Magalimoto amenewa samveka akamayenda pang'onopang'ono. Pa Ekwendeni, pa Enukweni, pa Jenda tsiku la msika, akabaza, ana ndi mbuzi amadalira khutu, choncho lizani hutala msanga. Madzi osefukira, amene ndi ofala m'chigwa cha Karonga mu March ndi April, musawaoloke ngati akufika pakati pa tayala.

8. Konzekerani kuti ikhoza kufa panjira

Magalimoto ambiri a mitundu imeneyi amabwera opanda tayala la sipeya, ali ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi, zimene sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje. Gulani tayala lathunthu ndi limu yake, jeke ndi sipanala. Nyamulani SIM ya Airtel ndi ya TNM, ndipo mukhale ndi nambala ya makaniko wa mu Mzuzu amene amadziwa hybrid, kuti azitha kulangiza mnzake wa kumudzi pa foni.

Galimoto ikakana kuonetsa READY, mawu a pa dashibodi osonyeza kuti yayaka, nthawi zambiri vuto si batire lalikulu koma laling'ono la mavolti 12, limene limayatsa makompyuta. Pa Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, pa Prius ya 2009 mpaka 2015 lili m'buti. Mukhoza kulidzutsa ndi zingwe kuchokera ku galimoto ina, mosamala kwambiri kuti musasinthanitse waya wofiira ndi wakuda, chifukwa kulakwitsa kumeneko kumaotcha zipangizo zodula. Kukankha sikuliza hybrid, ndiye musavutitse anyamata a pamsika. Mawaya onse a mtundu wa olenji ali ndi magetsi a mavolti oposa 100, pa Leaf oposa 300, okwanira kupha munthu, ndipo makaniko amene sanaphunzire za magalimoto amenewa asawagwire ngakhale atanena kuti magetsi a galimoto amawadziwa.

Pomaliza, musaikoke ndi chingwe matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa matayalawo amazungulitsa mota, ndipo mota imapanga magetsi amene akhoza kuononga zipangizo za mkati. Iyenera kukwera pa lole. Kumidzi kumene kulibe galimoto yonyamula zinzake, pezani lole ya matani asanu kapena asanu ndi awiri, dalaivala aibweze mpaka thupi lake ligundane ndi mtunda wa m'mbali mwa msewu kapena chulu chosalazidwa, muyale matabwa awiri okhuthala, ndipo anthu aikankhire pamwamba pang'onopang'ono giya ili pa N. Pa Prius ndi pa Leaf giya siichoka pa P ngati batire laling'ono lafa, choncho lidzutseni kaye musanaitane okankha. Ikakwera, mangani matayala onse anayi ku thupi la lole, osati kudutsitsa chingwe kunsi kumene kuli batire ndi mawaya, ndipo gwirizanani mtengo wofikira pa garaja ya ku Mzuzu lole isananyamuke.